Chilungulira chinatha koma nsima inakana kutsika: lipoti la wodwala wa ku Kasungu atachitidwa opaleshoni ya Nissen

Lipotili ndi la bambo wa zaka 51, mlimi wa fodya wa bale wochokera kummawa kwa boma la Kasungu, amene tinawatsatira kwa chaka chathunthu atachitidwa opaleshoni yoletsa asidi kubwerera kummero. Opaleshoniyo sinachitikire kuno, ndipo ambiri mwa ife ogwira ntchito m'zipatala za m'maboma sitidzaigwirapo mpeni. Koma odwala ake amabwerera kumudzi, ndipo zovuta za miyezi itatu yoyambirira zimatipeza ifeyo, pamalo pomwe palibe dokotala amene anawang'amba.

Mbiri ya matenda

Bamboyu anafika akudandaula chilungulira chomwe anakhala nacho zaka pafupifupi 6. Chinkayamba akangotha kudya, makamaka nsima ya madzulo, ndipo chinkakula akawerama, kaya popalira, kaya posankha fodya m'chigafa. Chomwe chinkawasowetsa mtendere kwambiri chinali madzi owawasa omwe ankakwera mpaka kukamwa akangogona, nthawi zina pamodzi ndi tizidutswa ta ndiwo. Ankadzidzimuka usiku atatsamwa, nkuyamba kutsokomola, mmawa nkudzuka mawu atasasa. Kunyumba ankadzithandiza ndi soda wosungunula m'madzi. Ankasuta chingambwe, ndipo ankalemera makilogalamu 78, thupi lokulirapo pa msinkhu wawo, makamaka pamimba.

Kabuku kawo ka kuchipatala kanatiuza zambiri. Chifuwa cha usikucho chinatengedwa ngati mphumu, choncho kwa zaka ziwiri ankalandira aminophylline ndi salbutamol. Pa kuthamanga kwa magazi ankamwa nifedipine, ndipo Brufen ankagula okha pagolosale chifukwa cha msana. Atatu oyambawo amafooketsa mnofu wotseka khomo la chifu, fodya amateronso, ndipo Brufen amawonjezera chilonda pamene asidi wawotcha kale. Makhololo tinayeza ndi GeneXpert, TB panalibe. HIV analibe. M'mapapo simunkamveka kulira kwa mphumu.

Tinasiyitsa aminophylline ndi Brufen. M'malo mwa nifedipine tinalowetsa hydrochlorothiazide. Enalapril tinamupewa dala, chifukwa iye amayambitsa chifuwa ndipo akanatisokoneza. Tinawayambitsa omeprazole 20 mg kawiri patsiku, mphindi 30 asanadye, ndi malangizo odziwika aja: kukweza bedi kumutu ndi njerwa, kudya madzulo kudakali maola atatu asanagone, kugonera kumanzere, kusiya fodya. Fodya anasiyadi. Patatha miyezi iwiri kutentha pachifuwa kunali kutatha, koma madzi ankakwerabe usiku, kungoti tsopano sankawawasa. Omeprazole amachepetsa asidi m'madziwo, khomo salitseka.

Khomo la chifu limatsekeka bwanji

Pomwe mmero umalumikizana ndi chifu pali chigawo cha mnofu chotalika masentimita 2 mpaka 4 chomwe chimakhala chofinya nthawi zonse. Ndicho lower oesophageal sphincter, mwachidule LES. Mwa munthu wabwinobwino kufinya kwake kumakhala pakati pa 10 ndi 30 mmHg pamwamba pa mphamvu ya m'chifu. Munthu akameza, LES imamasuka kwa masekondi ochepa kuti chakudya chidutse, kenako nkutsekanso.

LES sigwira ntchitoyi yokha. Mmero umadutsa pa kabowo ka diaphragm, mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, ndipo minofu ya m'mbali mwa kabowoko imaupana chakunja, makamaka munthu akamakoka mpweya, akamatsokomola kapena akamanyamula katundu. Kachigawo ka mmero komwe kali kumunsi kwa diaphragm kamakhala m'mimba, kotero mphamvu ya m'mimba ikakwera imakafinya nakonso. Komanso mmero umalowa m'chifu chopendekeka, pa ngodya yotchedwa angle of His, ndipo chifu chikadzaza ngodyayi imathandiza kutseka. Chifu chikakwera kulowa m'chifuwa kudzera pa kabowo kaja, zomwe timati hiatus hernia, LES ndi diaphragm zimatalikirana, ngodya ija imawongoka, ndipo zotetezera zonsezi zimatayika pamodzi.

Pali kumasuka kwina komwe sikudikira kumeza. Chigawo chapamwamba cha chifu, fundus, chikatambasuka ndi chakudya kapena mpweya, uthenga umapita ku ubongo kudzera mu mtsempha wa vagus, nkubwerera kudzamasula LES kwa masekondi oposa 10. Kumeneku ndi kumene mabuku amakulemba TLESR. Ndi njira yomwe timageyera tonsefe, ndiponso ndi njira yomwe asidi amakwerera mwa odwala ambiri a chilungulira. Opaleshoni ikachepetsa TLESR imachepetsa zonse ziwiri, ndipo zambiri zomwe zinachitikira wodwala wathu zinachokera pamenepa.

Kuunika ndi chiganizo cha opaleshoni

Tinawatumiza ku Kamuzu Central Hospital kukaunikidwa ndi kamera ya kummero. Munthu wa zaka zopitirira 50 amene chakudya chikumubwerera ngakhale akumwa mankhwala sitimamusunga m'boma, poti Malawi ali m'gulu la maiko omwe khansa ya mmero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Anapeza hiatus hernia ya masentimita pafupifupi 4 ndi zilonda za asidi za giredi C pa muyezo wa Los Angeles. Tinyama tomwe anadula kukayeza tinalibe khansa.

Mwana wawo wamwamuna amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo ndi iye anabweretsa nkhani yokachitidwa opaleshoni kumeneko. Banja linatifunsa maganizo. Tinaona kuti bamboyu ndi mmodzi mwa odwala omwe opaleshoni imawathandizadi: matenda anatsimikizika ndi kamera, hernia ilipo, kutentha kunamvera omeprazole, ndipo chotsala ndi kubwerera kwa madzi ndi chakudya, komwe mankhwala sakutha. Wodwala amene omeprazole sanamuthandize ngakhale pang'ono ndi amene timamukayikira, chifukwa kawirikawiri vuto lake silikhala asidi.

M'kalata yathu tinapempha chinthu chimodzi molimbika, kuti asanawang'ambe awayeze manometry, kuyeza mphamvu ya kufinya kwa mmero ndi LES. Achalasia, nthenda ina ya mmero, imabwezanso chakudya usiku, imatsokomoletsanso, ndipo ena amaimva ngati chilungulira. Koma mu achalasia LES imakana kumasuka, ndipo kumangirira khomo lotere kumasiya munthu asakumeza. Zotsatira zinabwera motere: kufinya kwa LES 5 mmHg, kutalika kwake kosafika masentimita 2, ndipo mmero unkakankha chakudya bwinobwino. LES yofinya pansi pa 6 mmHg, yosafika masentimita 2, kapena yomwe chigawo chake cha m'mimba sichifika sentimita imodzi, imawerengedwa kuti ndi yowonongeka. Poyeza asidi kummero kwa maola 24, anapezeka 14 peresenti ya nthawiyo, pomwe kupitirira 6 peresenti ndi matenda.

Asananyamuke tinakhala nawo pansi pamodzi ndi mayi akunyumba, nkuwauza zomwe kafukufuku wa LOTUS, wofalitsidwa mu 2011, anapeza patatha zaka 5. Mwa ochitidwa opaleshoni, 2 peresenti yokha ndi omwe asidi ankawabwererabe kukamwa, pomwe mwa omwa esomeprazole, mankhwala a m'gulu la omeprazole, anali 13 peresenti. Koma kuvutika kumeza kunali 11 peresenti kwa a opaleshoni ndi 5 peresenti kwa a mankhwala, kufufuma mimba 40 ndi 28, kuphwisa pafupipafupi 57 ndi 40. Bambo anaseka pa kuphwisapo, nkunena kuti bola zimenezo kusiyana ndi kugona chokhala.

Zomwe opaleshoni inasintha

Anachitidwa fundoplication ya Nissen kumayambiriro kwa Disembala, kudzera pa timabowo ting'onoting'ono ndi kamera. Njirayi inayambitsidwa ndi Rudolph Nissen ku Basel, amene anaichita mu 1955 nkuilemba mu 1956, ndipo Bernard Dallemagne wa ku Belgium anaichita ndi kamera mu 1991. Dokotala amatsitsa chifu kuchichotsa m'chifuwa, amamasula mmero mpaka masentimita 2 kapena 3 akhale m'mimba osakokedwa, amasoka minofu ya diaphragm kuti kabowo kachepe, kenako amatenga fundus nkuizunguliza kumunsi kwa mmero kuzungulira konse, madigiri 360. Kwa wodwala tinkangoti amumanga lamba wa chifu chake chomwe, ndipo mu lipotili ndipitiriza kutchula choncho.

Mnofu wa LES weniweniwo sukhudzidwa. Sausoka, saudula, ndipo mphamvu yake yobadwa nayo siibwerera. Chomwe chimasintha ndi malo ake ndi zomwe zauzungulira. Umabwerera m'mimba, umakumananso ndi diaphragm, ngodya ija imakonzeka, ndipo lamba amawonjezera kufinya chakunja. Chifu chikadzaza, lambayo amadzazanso nkufinya kwambiri, ndiye chifukwa chake khomo limalimba pa nthawi yomwe kale linkatayirira. Fundus ikasanduka lamba sitambasukanso ngati kale, choncho TLESR imachepa, ndipo ikachitika khomo silitseguka lonse.

Nanga chakudya chimadutsa bwanji? Fundus ili ndi khalidwe lomasuka munthu akameza, pa lamulo la vagus yemweyo amene amamasula LES. Lamba wopangidwa ndi fundus yeniyeni, wamfupi pafupifupi masentimita 2, womangidwa motayirira, vagus atasungidwa, amamasuka pamodzi ndi LES. Koma samasuka mpaka kutheratu. Pamatsala kufinya pang'ono komwe mbamu iliyonse iyenera kugonjetsa. Pamwamba pa apo, m'masabata oyambirira pamakhala kutupa pa lamba ndi pa kabowo kosokedwako.

Dokotala wawo anasankha Nissen chifukwa mmero unkakankha bwino, ndipo chifukwa chimenecho nchomveka. Ine ndikanafunsidwa ndikanakondera Toupet, yomwe imazunguliza madigiri 270 chakumbuyo nkusiya kutsogolo kosamanga. Mayeso oyerekeza njira ziwirizi aonetsa kuti Toupet imaletsa asidi mofanana ndi Nissen, koma kuvutika kumeza ndi kufufuma kumakhala kochepa. Kwa munthu amene chakudya chake ndi nsima, ndipo kamera yapafupi ili ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 100, kusiyana kumeneku nkwakukulu.

Sabata yachitatu: nyama ya Khirisimasi

Anabwera pa basi patatha masabata awiri, ali ndi kalata ndi pepala la zakudya. Pepalalo linali lachingerezi ndipo linatchula zakudya zomwe kumudzi kwawo kulibe. Mayi anagwirapo mawu amodzi, akuti zofewa, ndipo ankaphika nsima yofewa. Inkatsika movutikira ndi madzi ambiri. Pa Khirisimasi anapha mbuzi, abale anasonkhana kudzaona munthu wochira, ndipo nthuli imodzi inaima pachifuwa. Achibale anawamwetsa Coca-Cola kuti akankhire. Nthuliyo sinasunthe, koma chakumwa china chinadutsa m'mbali, mpweya wake nkukadzaza m'chifu chomwe sichikanatha kugeya.

Anafika kwa ife mimba itafufuma kumtunda, akulavula malovu ena, ena akumeza pang'onopang'ono. Thupi silinatenthe, mtima unkagunda ka 96 pa mphindi, pakhosi panalibe mpweya pansi pa khungu, ndipo mimba inali yofewa ngakhale inali yodzaza. Tinajambula X-ray ya pachifuwa tili ndi mafunso awiri: kodi mmero waboka, ndipo kodi lamba wakwera m'chifuwa? Panalibe mpweya pakati pa mapapo kapena madzi m'mbali mwake, panalibenso thumba la mpweya ndi madzi kuseri kwa mtima. Mpweya wonse unali m'chifu, pansi pa diaphragm.

Tinawaletsa kudya ndi kumwa, tinaika diripi, tinawakhazika tsonga, nkuwabaya hyoscine, ngakhale umboni woti amathandiza pa vutoli ndi wofooka. Chubu cha m'mphuno sitinalowetse. Kukankha chubu mwakhungu pa nthuli yomwe yaima pamwamba pa misoko ya masabata atatu kukhoza kuboola mmero. Malire athu anali awa: akalephera kumeza malovu, apite kukachotsedwa ndi kamera pasanathe maola 6, akapitiriza kumeza malovu, nthuliyo isagone kupitirira maola 24. Tili mkati mokonza za ambulansi, anamva ikutsika yokha, ndipo anamwa madzi osabwerera.

Pamenepo mayi anandikokera pambali. "Adokotala, musatibisire. Si khansa ija imeneyi? Malume awo anayamba chonchi, nsima, kenako phala, kenako madzi." Funsoli ndi loyenera, ndipo ifenso tiyenera kumadzifunsa kwa aliyense amene chakudya chikumuima. Ndinawayankha kuti kamera inadutsa mmero wonse miyezi yochepa yapitayo osapeza chotupa, kuti vutoli linayamba tsiku lotsatira opaleshoni, ndiponso kuti khansa imanka ikutsekeratu pomwe kutupa kumanka kukutseguka. Tinagwirizana kuti sabata iliyonse tizifunsa funso limodzi: ndi chiyani chomwe akumeza lero chomwe sabata yatha chinkakana? Likadzasowa yankho, kapena akadzabwerera mmbuyo, tidzathamangira kamera.

Barium swallow, X-ray yojambula munthu akumeza madzi a barium, yomwe anakajambulitsa ku Lilongwe masiku otsatira inaonetsa lamba ali pamalo pake pansi pa diaphragm, njira yopapatiza koma yosalala, barium akudutsa mochedwa, mmero wosatambasuka. Tinasankha kudikira. Kuvutika kumeza m'masabata 6 oyambirira kumachitikira odwala ambiri, ndipo kwa ochuluka kumatha pofika miyezi itatu. Kutambasula khomo nthawi imeneyi nkuika misoko pachiswe chifukwa cha vuto lomwe likanatha lokha.

Pepala la zakudya tinalilembanso m'Chichewa, ndi zinthu za kumudzi kwawo. Phala lothira nsinjiro kapena chiponde, Likuni Phala, mkaka, mazira ofewa, nthochi ndi mapeyala zopondaponda, mbatata ndi maungu zophikitsa, usipa wosinja wothira mu msuzi. Kudya pang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, atakhala tsonga, osathamanga. Tinaletsa nyama, buledi, chinangwa, mpunga wouma, zakumwa zonse za mpweya, thobwa wowira ndi mowa wamasese. Nyemba ndi kabichi tinati zidikire. Kudya pang'onoku kuli ndi chifukwa china kupatula kumeza: fundus ndiyo inali malo osungira chakudya chikangofika, ndipo ikasanduka lamba munthu amakhuta msanga.

Sabata yachisanu ndi chimodzi: malungo

Pakati pa Januwale, mvula ili mkati, anadwala malungo. Pachipatala chaching'ono chakwawo mRDT, kachipangizo koyezera malungo m'magazi, inaonetsa malungo. Anafunsidwa ngati akusanza, anayankha kuti ayi, ndipo analandira LA nkubwerera kunyumba. Yankho lawo linali loona. Sankasanza chifukwa sakanatha. Mseru unalipo, mimba inkadzikoka mobwerezabwereza kufuna kutulutsa, koma khomo silinkatseguka, ndipo kunkangotuluka malovu. Mapiritsi anayi a LA nthawi imodzi ankaima pachifuwa, ena nkubwerera asanafike m'chifu.

Kwa ine apa ndi pomwe panali poopsa kwambiri pa nkhani yonseyi, kuposa nthuli ija. Funso loti mukusanza kodi ndi lomwe timadalira posankha pakati pa mapiritsi ndi jakisoni, ndipo kwa munthu wa Nissen funsoli silitiuza kanthu. Komanso kukakamira kusanza kumakankha chifu mwamphamvu kupita kumtunda pomwe diaphragm ikudzikoka, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zodziwika zomwe zimang'amba misoko ya pa kabowo nkukweza lamba m'chifuwa m'masabata oyambirira. Kwa wodwala wina mseru ndi chizindikiro choti chidzatha malungo akatha. Kwa uyu mseruwo unkafunika mankhwala ake pomwepo.

Anafika tsiku lachiwiri, thupi likutentha madigiri 39.2, ali ofooka, akulemera makilogalamu 72, mimba itafufumanso chifukwa pokakamira kusanzako ankameza mpweya. Tinawagoneka ngati wodwala wosatha kumwa mankhwala. Artesunate wa mu mtsempha, 2.4 mg pa kilogalamu, anaperekedwa pofika, patatha maola 12, ndi patatha maola 24. Metoclopramide 10 mg tinamulemba wa nthawi zoikika, osati wodikira kuti adandaule, ndi promethazine usiku. Ulendo uno chubu cha m'mphuno tinalowetsa, chofewa, mosakakamiza, chifukwa panalibe chomwe chinaima mummero, misoko inali itakhwimako, ndipo chifu chodzaza mpweya chomwe chilibe potulukira chikhoza kutambasuka mpaka kudziwononga. Mpweya unatuluka wambiri, ululu unatsika nthawi yomweyo, ndipo mseru unachepa.

Atamaliza artesunate tinapitiriza ndi LA wa masiku atatu, wophwanya nkusakaniza ndi mkaka, zomwe zinathandizanso poti lumefantrine amafuna mafuta kuti alowe bwino m'thupi. X-ray yobwereza sinaonetse chilichonse kuseri kwa mtima, ndipo chilungulira sichinabwerere. Kubwerera kwadzidzidzi kwa chilungulira, kapena munthu kuyamba kugeya ndi kusanza mosavuta pambuyo pa mseru wotere, kukanatiuza kuti lamba wamasuka. Ululu wa pachifuwa, kupuma movutikira ndi kumeza koipiraipira kukanatiuza kuti wakwera.

Potuluka tinalemba ndi zilembo zazikulu pa tsamba loyamba la kabuku kawo kuti anachitidwa fundoplication, satha kusanza, mseru uthandizidwe msanga, ndipo mapiritsi aakulu aphwanyidwe. Tinatchulanso doxycycline, ferrous sulphate ndi Brufen, mankhwala omwe amawotcha mmero akaima, kuti apewedwe pokhapokha palibe china, ndipo akaperekedwa amwedwe ndi madzi odzaza kapu, munthu ali chiimire.

Miyezi itatu, ndi pambuyo pake

Mpaka sabata yachisanu ndi chinayi funso lathu lija linkapeza yankho. Phala lolimba linadutsa, kenako mpunga wofewa, kenako timbamu ting'onoting'ono ta nsima. Kenako zinaima. Pofika kumayambiriro kwa Malichi mbamu iliyonse inkafunabe madzi, nkhuku ndi mondokwa wootcha zinkakana, ndipo sikelo inakhazikika pa makilogalamu 71. Sanabwerere mmbuyo, koma masabata atatu anadutsa opanda chosintha, ndipo nthawi ya kutupa inali itatha. Kudikira kunalibenso chifukwa.

Tinawatumizanso ku Lilongwe. Kamera inadutsa khomo movutikira pang'ono. Atayang'ana chakumbuyo kuchokera m'chifu anaona lamba ali wowongoka, wosapotoka, ali pansi pa diaphragm. Zilonda za asidi zinali zitapola, chotupa panalibe. Anatambasula khomolo ndi ma bougie, timachubu tokuzira mmero, kamodzi. Kutambasula kumathandiza lamba akakhala pamalo pake koma wathina pang'ono. Lamba amene watsetserekera pa chifu, wapotoka kapena wakwera m'chifuwa sakonzeka ndi bougie, ndipo ndi chifukwa chake barium ndi kamera zimatsogola. Patatha masabata awiri ankadya nsima ndi nkhuku yoduladula osafuna madzi pa mbamu iliyonse.

Atagulitsa fodya anapita kukacheza kwa mwana wawo, ndipo kumeneko anayezedwanso manometry, patatha miyezi 6 chichitikireni opaleshoni. Kufinya kwa LES kunakwera kuchoka pa 5 kufika pa 18 mmHg. Kutalika kwa chigawo chofinya kunafika masentimita 3.5, ambiri mwa iwo ali m'mimba. Asidi kummero anatsika kuchoka pa 14 peresenti kufika pa 1 peresenti. Kufinya kotsalira pomeza, IRP, kunali 17 mmHg, pomwe pa makina omwe anagwiritsa ntchito malire a munthu wosachitidwa opaleshoni ndi 15. Nambala imeneyi ikanapezeka kwa munthu wosang'ambidwa ikanatiganiziritsa za kutsekeka kwa khomo. Kwa munthu wa Nissen amene akumeza bwino ndipo mmero wake ukukankha, ndi chizindikiro chabe cha lamba, ndipo sitinachitepo kanthu. Anzathu amene mudzalandire pepala lotere, muwerenge nambalayo pamodzi ndi zomwe wodwalayo akudya.

Patatha chaka, bamboyu sakumwa omeprazole. Chilungulira kulibe, madzi sakwera, amagona pa bedi lopanda njerwa, ndipo chifuwa cha usiku chinatha popanda mankhwala aliwonse a mphumu. Akulemera makilogalamu 74. Kugeya kumatheka mwa apo ndi apo, pang'ono, ndipo kusanza sanasanzepo. Amaphwisa kuposa kale, makamaka akadya nyemba, ndipo zakumwa za mpweya anazisiyiratu okha atayesa kamodzi pa ukwati. Nyama amaidula timagawo nkutafuna nthawi yaitali, buledi amamunyika mu tiyi. Amakhuta ndi theka la nsima yomwe ankadya kale, zomwe mayi mpaka pano sanazivomereze.

Lamba amatha kutayirira zaka zikamapita, ndipo ena mwa odwala amabwerera pa mankhwala. Tinagwirizana kuti azibwera miyezi 6 iliyonse, pamodzi ndi ulendo wawo wa kuthamanga kwa magazi, kudzakwera sikelo ndi kufunsidwa za kumeza. Chilungulira chikadzabwerera, barium swallow idzatsogola tisanalembe omeprazole, chifukwa ambiri odandaula kutentha pachifuwa pambuyo pa fundoplication akayezedwa sapezeka ndi asidi wochuluka. Kumeza kukadzayamba kuipiraipira, tidzawatenga ngati munthu wina aliyense wa msinkhu wawo kuno ku Kasungu amene nsima yayamba kumuima, ndipo adzapita ku kamera sabata yomweyo.